Mikanda Yanga pa Mbedza za Bryson

Ndinakwatiwa ndi munthu wotola nyama zakufa mumsewu. Izi sindinazidziwe tsiku la chinkhoswe. Tsiku limenelo Bryson anali mnyamata waulemu wa ku Phalombe, wogwira ntchito pa loji ina ku Likhubula, woperekeza alendo m'phiri. Zoti ntchito yake yeniyeni ndi kupusitsa nsomba ndi nthenga ndinazizindikira titalowa m'nyumba yomwe tinamanga pamalo a amayi anga, kuseri kwa Chitakale, atayamba kubwera ndi zinthu m'majumbo.

Lero gologolo wophwanyidwa ndi minibasi. Mawa phiko la nkhanga. Mkuja mchira wa mbuzi wopempha kwa ogulitsa nyama pamsika. Ankasenda, kuthira mchere, n'kuyanika padenga la khitchini, ntchentche zobiriwira zija n'kuitanirana msonkhano. Mphepo ikatsika kuphiri, fungo linkalowa m'nyumba mpaka m'makope a ana asukulu omwe ndinkabwera nawo kudzachonga.

"Si zonyansa izi, Joice," ankatero. "Ndi zipangizo."

Pamwamba pa phiri, m'mitsinje yozizira ya ku Lichenya, muli nsomba yotchedwa thirauti, yomwe azungu anabweretsa kalekale. Nsomba imeneyi saiwedza ndi nyongolotsi monga amachitira anthu olongosoka. Amatenga mbedza, kuikulunga ulusi, ubweya ndi nthenga mpaka ifanane ndi kachilombo ka m'madzi. Bryson amazitcha mafulayi. Mtundu womwe ankaunyadira kwambiri ndi jigi. Kumutu kwa mbedza amavekako mkanda wolemera kuti fulayi imire msanga, izikagunda pansi pa mtsinje nsonga italoza kumwamba, osakola m'miyala. Nsomba ikagwidwa amaijambula, kuisisita, n'kuibweza m'madzi.

Amayi anga atamva zobweza m'madzizi sanaseke n'komwe. Anangofunsa kuti, "Ndiye mkamwini wangayu amawedzeranji?" Pakhomo tinkadya usipa ngati wina aliyense.

Zonsezi ndinapirira. Kyutekisi wanga wa m'zikhadabo ankatha ndisanapake chifukwa Bryson ankamatira mfundo za mafulayi ake. Mphaka wathu anatuluka kadazi pamsana, ubweya wake utapita ku mafulayi. Munthu umazolowera.

Mikanda ya m'chiuno anandipatsa ndi azakhali anga a Malita, amene amagulitsa makapulana, zitenje za ku Mozambiki, ku Limbuli, tsiku la chilangizo. Inali yofiira ndi yoyera, koma apa ndi apo panali yamkuwa, yolemera, yosalala chifukwa cha zaka, yomwe amayi awo anabwera nayo kuchokera ku Milanje, ku Mozambiki. Bryson analipo pamene ankalankhula, atakhala pamphasa, maso pansi.

"Iyi saona munthu wina," anatero azakhali. "Ndi ya mwamuna wako yekha, ndipo aziigwira ili pathupi pako. Tsiku lomwe udzaivule n'kuiika m'manja mwake, wamupatsa njira ya kwawo. Sipafunikanso mawu. Mwamva nonse awiri?"

Tinati tamva. Ine mumtima ndinaseka, pokhala mphunzitsi wa masamu wongotuluka kumene ku koleji. Koma ndinavala, ndipo ndinaikonda. Ndinkaivula ndikakhala kumwezi pokha, n'kuisunga m'kachitini ka mafuta odzola pansi pa zovala.

Chaka chino mvula itayamba kuchepa, ndinatulutsa mikanda m'kachitini, n'kuvala monga mwa nthawi zonse. Inandithina. Ndinati mwina ndi mapeyala, popeza inali nyengo yake ndipo sindinkawachitira chisoni. Koma kenako mwezi wotsatira unachedwa.

Banja lathu linali litafika pamsinkhu woti anthu popereka moni ankayamba ayang'ana pamimba panga, kenako kumaso. Kutchalitchi amayi amvano ankandipempherera mokweza kwambiri kuposa ena onse. Ndinkachita ngati sizikundikhudza, koma zinkandikhudza. Ndinakwera minibasi kupita ku Limbuli, ndinawakokera azakhali kuseri kwa makapulana awo, n'kuwanong'oneza.

Analowetsa zala ziwiri pansi pa chingwe, n'kukoka pang'ono.

"Mwanawe!" Anatseka pakamwa ndi dzanja kuti nthungululu isatuluke. "Mikanda sinama. Ine ana anga onse anandiuza ndi iyi yomweyi, dokotala asanatsegule pakamwa."

Madzulo ake ndinamupeza Bryson patebulo lake, mbedza itapanidwa pa kachitsulo, ulusi ukulendewera.

"Bryson, mwezi wachedwa. Komanso mikanda ikundithina."

Dzanja lake linaima m'malere.

"Mikanda ikuthina?"

"Eya. Azakhali aona."

"Ooh." Anayang'ana pansi nthawi yaitali. "Tiye tidikire kaye, tione."

Ndinati ndi chimwemwe chamutseka pakhosi. Amuna ena amatero. M'mawa mwake anabwera ndi nanazi wamkulu, anandisendera yekha. Anandiletsa kunyamula ndowa. Anatsitsa chikopa cha gologolo padenga n'kukachiyanika kutali, kumunda, kuti chisandichititse mseru. Ine ndinayamba kusankha mayina, ndikumawayesa pakamwa popita kusukulu.

Lachisanu Bryson anakwera phiri ndi mlendo wake wa nthawi zonse, a Jailos, loya wa ku Blantyre. Ine ndi azakhali tinapita kuchipatala ku Mulanje Mission. Namwino anali wachifundo. Anayeza, anayezanso, kenako anandigwira paphewa.

"Palibe, mayi. Mwina ndi kutopa. Aphunzitsi nyengo ya mayeso timawaona ambiri."

Pobwerera ndinatsikira pa siteji ya Chitakale. Potsazikana azakhali anangoti, "Koma inathina. Ndinaigwira ndekha." Masana omwewo mwezi unabwera, ngati unkangodikira kuti ndichite kaye manyazi.

Ndinavula mikanda, koma sindinaiike m'kachitini. Ndinakhala pabedi ndili nayo m'manja, ndipo maganizo omwe ndinkawakana sabata yonse anafika. Siketi yanga yakuntchito sinandithinepo. Lamba anali pa bowo lomwelo. Ngati chiuno sichinakule koma chingwe chikuthina, yankho ndi limodzi lokha, ndipo mwana wa Fomu 1 akanalipeza ine ndisanayambe kusankha mayina.

Ndinaiyala pa nsalu yoyera. Mfundo ya azakhali ndinkaidziwa, inali yaikulu, yakuda, yowotchedwa ndi machesi. Iyi inali kamfundo kakang'ono, kaukhondo, konyezimira ndi kyutekisi wofiira. Kyutekisi wanga. Mbali yakutsogolo mikanda yamkuwa inalipo. Mbali yomwe imakhala kumsana, komwe maso anga safika, kunali yofiira ndi yoyera yokhayokha.

Patebulo la Bryson, m'kambale ka mafulayi olakwika, ndinaupeza umodzi. Unali utavekedwa kumutu kwa mbedza, kumbuyo kwake kutamangidwa ubweya wa gologolo uja wa minibasi.

Loweruka ndinanyamuka kusanatenthe. Njira ya ku Lichenya ndinaiyendapo ndili mtsikana, koma miyendo inali itaiwala. Ndinakwera ndi m'mimba mukupota, ndikupuma pamiyala, anyamata onyamula katundu wa alendo akundidutsa n'kumandipatsa moni wachisoni. Dzuwa litapendeka ndinawapeza padziwe lina kumunsi kwa nyumba yogona alendo.

A Jailos anali bambo wamkulu thupi, ataima m'madzi ofika m'mawondo, atavala buluku la mphira lofika pachifuwa. Kumutu anali ndi chipewa chansalu, ndipo kuzungulira chipewacho anabayapo mafulayi. Dzuwa linkawomba pamenepo. Mikanda yanga inkanyezimira pamphumi pa mwamuna yemwe ndinali ndisanamuonepo chibadwire.

Bryson anandiona koyamba. Kaukonde kotolera nsomba kanatsala pang'ono kumugwa.

"Joice? Kwagwanji? Zakuchipatala?"

Ndisanayankhe, ndodo ya a Jailos inapindika. "Bryson! Yadya! Bwera, bwera, bwera!" Ndipo Bryson anathamangira komweko. Mkazi wake wakwera phiri lonse la Mulanje, nkhope yatuwa, koma nsomba yadya.

Ndinaima pamwala n'kumaonerera. Anaikokera m'kaukonde, nsomba yamawangamawanga yotalika ngati mkono wa mwana. Bryson anaigwira pamimba, analowetsa zala m'kamwa mwake, n'kuzula mbedza. Mkanda unatuluka uli ndi zoterera ndi kamagazi. Anaupukuta pa kabudula wake. Anajambula, anabweza nsomba m'madzi, n'kupereka fulayi kwa mwini ndodo.

"Awa ndi mayi akunyumba?" anafunsa a Jailos akutuluka m'madzi, akumwetulira ndi nkhope yonse. "Mwakwera nokha? Ayi, muli ndi mphamvu! Muli bwanji, mayi?"

"Ndili bwino, kaya inu, bwana?"

"Ine lero ndili kumwamba. Amuna anuwa ndi katswiri, musawaone choncho. Ndawedzapo kunja, ndagulapo mafulayi a m'masitolo akuluakulu, koma ngati awa ayi. Madzi achuluka, nsomba zili pansi penipeni, koma jigi iyi ikumira ngati mwala. Dikirani, chingwe chakhuzuka, ndimangenso."

Anadula chingwe. Manja onse awiri anatanganidwa ndi kukonza nsonga yake, ndiye fulayi anaiika pomwe awedzi onse amaika. Anailuma ndi milomo. Mkanda wa agogo anga, womwe unagona pakhungu langa chilowere m'banja, wongotuluka kumene m'kamwa mwa nsomba, unakhala pakati pa milomo yonyowa ya loya wa ku Blantyre, ubweya wa gologolo ukugwedezeka ndi mpweya wa m'mphuno mwake.

Malovu owawa anadzaza m'kamwa mwanga. Ndinameza.

"Bwana, mikanda imeneyo mukudziwa kumene yachokera?"

"Mm," anayankha osatsegula milomo bwino. "Akuti yachikale, ya ku Mozambiki. Ndawauza andipezere ina."

"Joice," anatero Bryson chapansipansi. "Tikakambe kunyumba."

"Ndi yanga, bwana. Ndipo sinali ya m'khosi."

Akanakhala mzungu akanafunsa kuti ndiye inali ya pati. A Jailos anali ndi buluku la mphira ndi ndodo yakunja, koma anabadwa kwa mayi wachimalawi. Maso awo anayenda kuchoka kwa ine kupita kwa Bryson, n'kubwerera kwa ine, n'kuthawira kumbali. Analavula. Fulayi inagwera pamwala. Anagwada m'mphepete mwa madzi ndi thupi lonselo, n'kuyamba kuchukucha m'kamwa, kulavula, kuchukuchanso. Kenako anakumbukira chipewa. Anachivula ndi zala ziwiri, n'kuchigwirira kutali ngati muli khoswe wakufa.

"Pepani, mayi. Pepani ndithu. Ine ndili ndi mkazi kunyumba, ndine mkulu wampingo." Anachiika pamwala pafupi ndi mapazi anga osandiyang'ana. "Chithunzi ndatumiza kale pagulupu ya anzanga, chipewa chili kumutu. Ambuye!" Anatembenukira kwa Bryson. "Achimwene, kwanu kulibe ankhoswe? Simunalangizidwe?"

Anatola ndodo n'kukwera kunka kunyumba ya alendo, buluku likulira pa sitepe iliyonse, akulavulabe m'udzu.

Tinatsala awiri.

"Mikanda yoitanitsa kunja inatha," anayamba Bryson. "Katundu sanafike. A Jailos anali atanena kale tsiku lobwera. Ndinayesa yagalasi ya pamsika, imayandama. Ndinayesa mabelingi a njinga, alibe bowo. Ndiye ndikufuna lumo m'zovala ndinapeza kachitini kaja. Joice, kulemera kwake n'kwenikweni, ndiponso bowo lake limadutsa bwinobwino pokhota pa mbedza, ngati anachita kupangira..."

Anadzimva yekha, n'kusiya.

"Pitiriza," ndinatero. "Ukulongosola bwino."

"Ndimati ndibweza katundu akangofika. Sukanadziwa."

"Ndinakuuza kuti ikundithina. Unadziwa chifukwa chake?"

Anayang'ana madzi. "Ndinadziwa."

"Unandisendera nanazi."

"Mwezi unachedwadi, Joice. Ndimati mwina zonse ziwiri zangochitikira pamodzi. Ndimati ikakhala mimba yeniyeni, za mikanda sizidzafunikanso kunena."

"Si mimba. Ndinapita ndi azakhali. Anali atagula kale kapulana yoberekera."

Ndinagwada n'kuyamba kuzula mafulayi pachipewa, kuwaika pa mpango. Chipewacho chinkanunkha thukuta la mutu wa munthu wina. Ndinatola ndi ija yolavulidwa, ndi tsamba.

"Ina ili kuti?"

"Ina inakola m'miyala." Anakanda m'mutu. "Umodzi unapita ndi nsomba. Inali yaikulu, inadula chingwe dzulo. Ili m'dziwe lomweli."

Ndinayang'ana dziwelo. Linali loyera, lokongola, lakuda pakati. Penapake pansi pake nsomba inkayendayenda itavala mkanda wanga pamlomo. Ndinamanga mpango n'kuyamba kutsika. Bryson sakanasiya mlendo yekha m'phiri, ndipo sindinamupemphe.

Lamulungu sindinapite kutchalitchi. Ndinakhala kuseri kwa nyumba ndi lezala, ndikumasula mikanda ku mbedza umodziumodzi, ulusi ndi ubweya zikumatirira ku zala. Ndinaiwiritsa. Ndinaitsuka ndi sopo, kenako ndi bulichi, kenako ndi phulusa. Ndikainunkhiza, inkanunkha bulichi, ndipo pansi pa bulichiyo nsomba. Mwina fungolo linali m'mphuno mwanga basi. Ndinaitungiranso pachingwe chatsopano, ndinalowa m'chipinda, ndinaizunguliza m'chiuno. Mkuwa utangokhudza khungu ndinaona milomo ija. Thupi lonse linachita tsembwe. Ndinathamangira panja n'kusanza pansi pa mpeyala.

Azakhali anandipeza pomwepo, atabwera pa kabaza kudzandiona.

"Ukusanza?" Nkhope yawo inayamba kuwala.

"Ayi, azakhali. Khalani pansi."

Ndinawauza zonse, amayi akumvetsera ali chiimire pakhomo la khitchini. Nditafika pa milomo ya a Jailos, amayi analavula pansi. Azakhali anapukusa mutu.

"Nkhani iyi kwa ankhoswe ukaiyamba bwanji?" anafunsa. "Pamaso pa amalume ako, ukatchula chiyani? Ukati mkamwini waba chiyani?"

"Sindikaiyamba."

"Ndiye ili m'manja mwako. Ine malemu amuna anga anagulitsa mbuzi yanga osandiuza, ndinakhala nawo mpaka imfa. Koma mbuzi sindinkavala m'chiuno."

"Si mikanda yokha, azakhali. Anandiona ndikusangalala. Anakhala patebulo paja n'kumandiona."

"Ndamva," anatero. "Ndinasangalala nawo inenso. Kapulana ija ndaibweza pamulu wogulitsa."

Bryson anafika dzuwa lisanalowe, miyendo ili matope, chikwama kumsana. M'manja anali ndi chinthu chokulunga m'masamba. Anachipereka kwa amayi atagwada. Inali thirauti, yoyamba kulowa pakhomo pathu chikwatirane. Anali ataphwanya lamulo la loji chifukwa cha ine, ndipo nkhope yake inkayembekeza kuti ndizindikire kukula kwa nsembeyo.

Ndinatuluka pakhonde ndi mikanda.

"Tambasulani dzanja, a Bryson."

Anatambasula. Ndinaiika yonse m'chikhatho chake, yofiira, yoyera ndi yamkuwa, n'kuchotsa dzanja langa.

Ndinamuyang'anitsitsa, chifukwa ndinkafuna kuona. Chala chake chachikulu chinayenda chokha, kudumpha yofiira, kudumpha yoyera, n'kukaima pa wamkuwa. Anaugubuduza. Dzanja linakwera pang'ono n'kutsika, likuyesa kulemera. Kwa kamphindi maso ake anawala.

"Yonse?" anafunsa.

Kenako anaona azakhali atakhala pamphasa, monga anakhalira tsiku lija, ndipo kuwalako kunazima.

"Joice, ayi. Tiye tikambirane."

"Sipafunikanso mawu, bambo," anatero azakhali mofatsa. "Munati mwamva."

Anaima pamenepo nthawi ndithu, dzanja lili chitambasulire, ngati akudikira kuti wina abwere adzamulandire katunduyo. Palibe anabwera. Analowa m'nyumba. Tinamva akusonkhanitsa timabotolo, akumasula kachitsulo kake patebulo. Anatuluka ndi bokosi ndi chikwama, anatsazika amayi mwaulemu wake wonse, n'kulunjika kusiteji kuti apeze minibasi yomaliza ya ku Phalombe. Atafika pa mpeyala anabwerera, ndipo mtima wanga, chitsiru, unadumpha. Anadutsa pakhonde n'kupita kumunda kukatenga chikopa cha gologolo.

Nsombayo amayi anaitumbula madzulo omwewo. Asanaithire mchere anaitsegula kukamwa ndi mpeni, n'kusuzumiramo mbali zonse. Munalibe kanthu. Anaikazinga, anadya ndi azakhali. Ine ndinakana.

"Sunaluze kalikonse," anatero amayi akutsuka m'manja. "Ilibe n'kukoma komwe. Usipa uli bwino."